Ubongo Waung'ono Umene Uli Kumbuyo kwa Diso

Tonse tinakumanapo ndi zimenezi. Tacokera kumunda dzuwa liri paliwombo, talowa m'nyumba kufuna madzi akumwa, ndipo mwadzidzidzi tapezeka ngati akhungu. Tipapasa khoma, tigunda mtondo, mwinanso tiponda mphaka amene wagona pakhomo. Tikaima pang'ono, mtsuko uyamba kuoneka, kenaka cikho, kenaka nkhope ya agogo amene akhala cete pa mphasa kutiseka. Nyumba ndi yomweyo, ndipo kuwala kwa m'nyumbamo sikunaonjezeke. Casintha ndi cinthu cina mkati mwa maso athu.

Mwezi uno, okondedwa awerengi, tifuna kukambirana za cinthu cimeneco. Ndi kansalu kopyapyala kamene kanayalidwa pa khoma la kumbuyo mkati mwa diso, ndipo madokotala amakacha retina. Ambiri a ife tinaphunzira kusukulu kuti diso liri ngati kamera, ndipo retina ndiyo filimu yake. Fanizo limeneli ndi loona theka cabe. Filimu imalandira ciriconse cimene cagwerapo, basi. Retina imasankha, imayerekeza, imataya zina ndi kukuza zina, ndipo imatumiza ku ubongo nkhani imene yakonzedwa kale. Tikamvetsa mmene imagwirira nchito, tidzamvetsanso cifukwa cake matenda ake amabwera mwakacetecete, ndi zimene banja lingacite kuti awapeze nthawi ikadalipo.

Cithunzi cozondoka

Kuwala kocokera pa mtengo kapena pa nkhope ya mnzathu kumalowa pa mwana wa diso, kupyola pa kagalasi kamene kali kuseri kwake, ndi kukagwera pa retina. Mu 1604, Johannes Kepler, katswiri wa nyenyezi wa ku Germany, anatsata njira ya kuwala kumeneku ndi masamu, nanena kuti cithunzi cimafika pa retina ciri cozondoka, mutu pansi miyendo m'mwamba. Zinali zovuta kukhulupirira. Patapita zaka ngati 20, wansembe wa cipani ca Ajezuiti, Bambo Christoph Scheiner, anatenga diso la nyama, napala cikopa cake ca kumbuyo mpaka citapyapyala, naliloza kowala. Cithunzi cija cinaoneka, caching'ono ndi cozondoka, monga momwe Kepler ananenera.

Koma kukhala ndi cithunzi m'diso si kuona ai. M'mutu mwathu mulibe kamunthu kokhala pa mpando kuyang'ana cithunzico. Ubongo uli mu mdima wa ndiweyani mkati mwa cigaza, ndipo umamva cinenero cimodzi cabe, ndico timphamvu ta magetsi toyenda m'mitsempha. Nchito ya retina ndiyo kumasulira kuwala m'cinenero cimeneco.

Mphukira ya ubongo

Mwana akamaumbika m'mimba mwa mai wake, pa masabata oyambirira eni-eni, ubongo umatulutsa timphukira tiwiri, kena kumanja kena kumanzere. Timphukira timeneti ndito timasanduka retina ya maso awiri. Conco retina ndi cigawo ca ubongo weni-weni cimene cinatumizidwa kutsogolo kukakumana ndi kuwala. Zimenezi ziri conco kwa zamoyo zonse za msana: nsomba, acule, njoka, mbalame, ng'ombe ndi ife anthu.

Kansalu kameneka m'malo ambiri sikafika ngakhale theka la milimita kucindikala kwake, komabe kali ndi mizere yoyalana bwino ya maselo, timagawo tating'ono ta moyo timene thupi lonse linamangidwa nato. Dokotala wa ku Spain, Santiago Ramón y Cajal, anatha zaka zambiri akuyang'ana retina ya nyama zosiyana-siyana pa makina okuza zinthu, ndi kujambula pa manja zimene anali kuona. Zojambula zake za m'zaka za m'ma 1890 zikali kugwiritsidwa nchito pophunzitsa, ndipo mu 1906 analandira mphotho ya Nobel. Iye anaonetsa kuti uthenga umayenda masitepe atatu. Pali maselo olandira kuwala, pali maselo apakati olandira uthenga kwa oyamba aja, ndipo pali maselo otumiza, amene michira yao yaitali imasonkhana ndi kupanga mtsempha wa diso wopita ku ubongo. Pakati pa mizere imeneyi palinso maselo ena oyala nthambi zao m'mbali, amene nchito yao ndi kulumikiza anansi ndi anansi. Tidzaona posacedwa kuti nzeru zambiri za retina zagona pa iwo.

Anchito a usiku ndi anchito a usana

Maselo olandira kuwala ali mitundu iwiri. Ena ndi oongoka ngati tindodo, ndipo m'mabuku a madokotala achedwa ma rod. Ena ndi osongoka ngati denga la nkhokwe, achedwa ma cone. Ife pano tiwache maselo a usiku ndi maselo a usana, pakuti ndimo amagawirana nchito. Max Schultze wa ku Germany ndiye anazindikira zimenezi mu 1866, ataona kuti nyama zoyenda usiku ziri ndi tindodo tambiri, pamene zoyenda masana ziri ndi osongoka ambiri. M'diso limodzi la munthu muli maselo a usiku oposa mamiliyoni 90, ndi maselo a usana pafupi-fupi mamiliyoni 5.

Kodi selo limagwira bwanji kuwala? Mu 1876, Franz Boll, amene anali kugwira nchito ku Rome, anaona kuti retina ya cule wosungidwa mu mdima iri ndi mtundu wofiirira, koma ikaikidwa poyera mtunduwo umasuluka, ndipo mwa cule wamoyo umabweranso akabwezedwa mu mdima. Utoto umenewu uchedwa rhodopsin. Kuwala kukaugunda, kacigawo kake kena kamene kanali kopindika kamaongoka, ndipo kuongoka kumeneko kumayambitsa mndandanda wa zocitika m'selo mpaka magetsi ake atasintha. M'zaka za m'ma 1930, George Wald wa ku America anapeza kuti kacigawo kopindika kaja kamapangidwa kucokera ku vitamini A. Iyenso analandira mphotho ya Nobel mu 1967.

Apa ndipo pali yankho la zimene zimaticitikira polowa m'nyumba. Dzuwa la masana limasulutsa utoto wambiri wa m'maselo a usiku, ndipo kuona kumakhala m'manja mwa maselo a usana okha. Tikalowa mu mdima, a usana amayesetsa kwa mphindi ngati 10, koma mphamvu zao ziri ndi malire. Panthawi yomweyo a usiku amakhala akubwezeretsa utoto wao pang'ono-pang'ono, ndipo pakatha theka la ola amafika pa cimake. Kuona maso a nkhono nkudekha, anatero akale. Selo la usiku lopumula bwino limamva ngakhale kadontho kamodzi ka kuwala, kocepetsetsa kamene cilengedwe cimalola. Selig Hecht ndi anzake anaonetsa zimenezi ku New York mu 1942.

Maselo a usiku sadziwa mitundu, ndiye cifukwa cake pa mwezi citenge cofiira ndi cobiriwira zimangooneka zotuwa kapena zakuda. Mitundu ndi nchito ya maselo a usana, amene mwa ife anthu ali magulu atatu: ena amamva kwambiri kuwala kwa buluu, ena kobiriwira, ena kwa cikasu ndi kofiira. Retina imayerekeza mayankho a magulu atatuwa, ndipo mitundu yonse imene timaona imacokera pa kuyerekezako. Munthu wobadwa wopanda gulu limodzi amavutika kusiyanitsa cofiira ndi cobiriwira. Vutoli ndi la ku mtundu, ndipo limapezeka kwambiri mwa amuna. Mwana wotere asamanenedwe kuti ndi wopusa kapena wamwano pamene wasokoneza makrayoni kusukulu.

Ziweto zathu nazo ziri ndi magawidwe ao. Galu ndi ng'ombe ziri ndi magulu awiri cabe a maselo oona mitundu, pamene nkhuku iri ndi anai, moti imaona mitundu kutiposa ife. Koma nkhuku inacepekedwa maselo a usiku, ndipo dzuwa likangopendeka imafulumira kukwera m'khola. Mphaka ndi fisi ali ndi maselo a usiku ambiri, ndiponso kuseri kwa retina yao kuli kansalu konyezimira kobweza kuwala kuti kupyolenso kaciwiri. Ndiko kumawalitsa maso ao tikawaunika ndi tochi.

Cina codabwitsa ndi ici: maselo olandira kuwala amagwira nchito kwambiri mu mdima. Mu mdima amakhala akuthira uthenga mosalekeza kwa maselo apakati, ndipo kuwala kukafika amacepetsa. Kukhala ceteko ndiko cizindikiro. Nchito yosapuma yotereyi imadya mphamvu zambiri, kotero kuti retina ndi imodzi mwa ziwalo zofuna mpweya ndi cakudya ca m'magazi kwambiri m'thupi lonse. Tisunge mfundo imeneyi, tidzaifuna kutsogoloku.

Uthenga wopita kwa mfumu

Taona kuti olandira kuwala ali pafupi-fupi mamiliyoni 100. Koma mtsempha wa diso uli ndi tingwe topitirira pang'ono miliyoni imodzi. Njira ndi yopapatiza, onena ndi ambiri. Zimatheka bwanji?

Tiganizire mmene nkhani zimafikira kwa mfumu yaikulu. Anthu amauza nyakwawa, nyakwawa amauza nduna, nduna ndiyo imakagwada pamaso pa mfumu. Mfumu siuzidwa kuti nkhuku zonse zagona bwino m'midzi yonse. Imauzidwa kuti ng'ombe yasowa, kuti malire a munda asunthidwa, kuti mlendo walowa. Retina nayo imatumiza zimene zasintha ndi zimene zasiyana ndi zinzake.

Mu 1938, Haldan Hartline anamvetsera tingwe ta mtsempha wa diso la cule kamodzi-kamodzi. Anapeza kuti tina timalankhula kuwala kukayaka, tina kukazima, ndipo tina pa nthawi zonse ziwiri. Ndiye kuti mdima nawo uli ndi amithenga ake. Mu 1953, Stephen Kuffler, pofufuza maso a amphaka ku Baltimore, anapeza zozama kuposa apa. Selo lotumiza lirilonse limayang'anira kabwalo kake kakang'ono pa retina, ndipo kabwaloko kali ndi pakati ndi m'mphepete. Kwa maselo ena, kuwala kukagwera pakati amalankhula kwambiri, kukagwera m'mphepete amakhala cete. Kwa ena ndi mosemphana. Kuwala kukadzaza kabwalo konse mofanana, pakati ndi m'mphepete zimatsutsana, ndipo selo limanena zocepa. Amene amabweretsa mau otsutsa ocokera m'mphepete ndi maselo aja oyala nthambi m'mbali.

Conco retina sifunsa kuti pano pawala motani. Imafunsa kuti pano pawala motani poyerekeza ndi pafupi pake. Khoma loyera lopanda kanthu siripereka nkhani, koma pamene khoma lathera ndi citseko cayambira, pamenepo maselo amafuula. Phindu lake tikuliona pa tsamba lomwe lino. Zilembo zakuda izi, tikaziwerengera pa dzuwa, zimabweza kuwala kocuruka kuposa kumene pepala loyera limabweza tikawerengera pa kandulo. Komabe konse kuwiri timaona zilembo zakuda pa pepala loyera, cifukwa kusiyana kwa ziwirizi sikunasinthe.

Kagawidwe ka amithenga nako si kofanana ponse. Pakati peni-peni pa retina pali kadzenje kakang'ono kochedwa fovea, kodzaza ndi maselo a usana okha-okha, ndipo pamenepo pafupi-fupi selo lirilonse liri ndi njira yake-yake yopita ku ubongo. Ndi pamene timawerengera, kulowetsera ulusi pa singano ndi kuzindikirira nkhope. Dera limene kadzenjeka kamaona ndi laling'ono ngati cikhadabo ca cala cacikulu titatambasula dzanja, ndipo ndiye cifukwa cake maso athu amadumpha-dumpha kangapo pa sekondi iriyonse ife osadziwa. M'mbali mwa retina, maselo a usiku mazana ambiri amasonkha mau ao kwa mthenga mmodzi. Kusonkhako kumawathandiza kumva kuwala kofooka, koma tsatane-tsatane amatayika. Usiku wopanda mwezi, tiyese kuyang'anitsitsa nyenyezi yofooka: idzazimirira. Tikayang'ana pambali pake pang'ono idzabweranso, pakuti kuwala kwake kwacoka pa kadzenje kaja ndi kugwera pa maselo a usiku.

Zimene cule amaona

Mu 1959, Jerome Lettvin ndi anzake ku America anapeza m'diso la cule maselo otumiza amene salabadira kuwala kwa cipinda, koma amadzuka kanthu kakang'ono, kakuda, kakayenda kudutsa pa kabwalo kao. Kunena mwacidule, diso la cule limauza ubongo kuti apo pali nchenche. Cule samalabadira cakudya cimene cangokhala osagwedezeka. Mu 1965, Horace Barlow ndi William Levick anafotokoza maselo a m'diso la kalulu amene amalankhula cinthu cikamapita mbali imodzi, koma amakhala cete cikamabwerera. Lero ofufuza awerenga mitundu yoposa 30 ya maselo otumiza m'diso la mbewa, uliwonse ndi nkhani yake. Ubongo sulandira cithunzi cimodzi. Umalandira malipoti ambiri pa nthawi imodzi: lina la malire a zinthu, lina la mitundu, lina la kuyenda.

Pali ngakhale amithenga amene nkhani yao si ya kuona. Mu 2002, David Berson ndi anzake anaonetsa kuti maselo otumiza owerengeka amamva kuwala paokha, ndipo amauza ubongo ngati kunja kwaca kapena kwada, kuti thupi lidziwe nthawi ya tulo. Kuwala kwamphamvu usiku kumawasokoneza. Makolo amene amalanda ana foni nthawi yogona ali ndi retina kumbali yao.

Malo amene sitiona

Mwa zamoyo zonse za msana, olandira kuwala ali ku mzere wa kumbuyo, ndipo tingwe ta otumiza timayenda pamwamba, kutsogolo kwao. Kuti tituluke m'diso tiyenera kuboola retina pa malo amodzi, ndipo pa malo amenewo palibe selo lolandira kuwala ngakhale limodzi. Edme Mariotte wa ku France analengeza za malo osaonawa mu 1668.

Tiyese ndi ana madzulo ano. Pa pepala loyera tilembe kamtanda kumanzere ndi kadontho kumanja, motalikirana masentimita 8. Titseke diso la kumanzere, tiyang'anitsitse kamtanda ndi diso la kumanja, ndipo tisendeze pepala pang'ono-pang'ono kucokera patali. Likafika pa masentimita ngati 30, kadontho kadzasowa. Cofunika kuona ndi cakuti pamene panali kadontho sipaoneka dzenje lakuda. Pamaoneka pepala loyera. Ubongo umadzaza mpatawo ndi zimene ziri pafupi, osatiuza.

Luso limeneli ndilo limatibisira matenda. Retina iribe mitsempha yomva kupweteka. Mbali ina ikayamba kufa, ubongo umadzaza mpata, diso linalo limathandizira, ndipo munthu amapitiriza kulima ndi kugulitsa pa msika osadziwa kanthu. Cakudza siciimba ng'oma. Ndiponso retina ya munthu siphukanso. Nsomba zina zimameretsanso maselo a retina akaonongeka, ife ai. Ng'ala, imene ndi kucita mtambo kwa kagalasi ka kutsogolo, madokotala amaicotsa ndipo munthu amaonanso. Maselo a retina akafa, apita.

Zimene banja lingacite

Coyamba ndi cakudya ca ana. Popanda vitamini A, maselo a usiku amasowa copangira utoto wao. Mwana amene amasewera bwino masana koma madzulo amapunthwa, amakhala phee pamalo amodzi, kapena amalephera kupeza mbale yake, apite naye ku cipatala msanga. Pa siteji imeneyi amacira, koma kucedwa kumaononga diso lonse. Vitamini A amapezeka m'ciwindi, mazira, mango, mapapaya, maungu, kandolo wofiira mkati, ndi ndiwo zamasamba monga cibwabwa ndi bonongwe, maka-maka zikaphikidwa ndi nsinjiro kapena timafuta pang'ono. Dziko lathu linayamba kuika vitamini A mu shuga wa pa nyumba mu 1998, ndipo mu 2012 linatulutsa mbeu za cimanga ca orenji cokhala ndi vitamini ameneyu. Ana osafika zaka 5 asaphonye timadontho ta vitamini A timene amapatsidwa ku sikelo.

Caciwiri ndi matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Tanena kuti retina imadya kwambiri, ndipo imadalira timitsempha ta magazi tating'ono kuposa tsitsi. Shuga wokwera kwa zaka amatifooketsa, timayamba kudontha ndi kutsekeka, nthawi zambiri munthu akali kuona bwino. Aliyense wodwala shuga apimitse kumbuyo kwa maso kamodzi pa caka, ngakhale asakumva vuto. Zikapezeka msanga, cithandizo ciripo.

Cacitatu ndi glaucoma, nthenda imene imapha maselo otumiza pang'ono-pang'ono, kuyambira m'mbali. Imapezeka kwambiri pakati pa ife anthu akuda, ndipo imatsata mabanja. Amene tapyola zaka 40, maka-maka ngati kholo kapena mbale anacita khungu, tipimitse maso.

Cacinai ndi dzuwa. Ambiri tikumbukira kadamsana wa pa 21 Juni 2001, pamene mdima unagwa masana mu Lusaka, ndi macenjezo akuti tisayang'ane dzuwa ndi maso cabe. Kagalasi ka diso kamasonkhanitsa kuwala pa kadzenje kaja kowerengera, ndipo kangapse popanda ululu uliwonse.

Potsiriza, pali zizindikiro zosafuna kudikira mawa. Munthu akayamba kuona ngati mphezi zikung'anima m'diso, timadontho takuda tambiri tobwera mwadzidzidzi, kapena mthunzi ngati nsalu ikutsekeka kucokera mbali imodzi, mwina retina ikumatuka pa khoma lake, ndipo opaleshoni yofulumira ingapulumutse diso. Mwana wamng'ono amene mwana wa diso lake akuwala moyera ngati diso la mphaka, poyera kapena pa cithunzi, aonedwe ndi dokotala wa maso mosazengereza, pakuti diso la munthu liribe kansalu konyezimira kaja, ndipo kuyerako kungakhale cizindikiro ca khansa ya retina, imene imacizika ikapezeka msanga.

Madzulo ano, nyali ikazima, tikhale cete mphindi zingapo ndi kuona mmene cipinda cikubwererera pang'ono-pang'ono. Ndipo mawa tifunse agogo, kapena aliyense wodwala shuga pa nyumba pathu, kuti anapimitsa liti kumbuyo kwa maso ao. Ngati sakumbukira, tiwaperekeze.